Zimene zimachitika dalaivala wa basi ya sukulu akadina batani la pachiwongolero

Chiwongolero cha basi chimakhalira kuzungulira tsiku lonse, kangapo kumanja, kangapo kumanzere, pomwe dashibodi, batire ndi mawaya onse a basiyo zili pamalo amodzi osasuntha. Pachiwongolero chomwecho pali batani la hutala, pali mabatani osungira liwiro, ndipo pa mabasi ena a sukulu pali mabatani otsegulira chitseko ndi oyatsira magetsi ochenjeza. Lililonse liyenera kulumikizana ndi magetsi a basi. Mutangodutsitsa waya wamba pakati pa chinthu chozungulira ndi chinthu chokhazikika, wayayo angapotokole, n'kuduka posakhalitsa. Zonse zokhudza mawaya a pachiwongolero zimachokera pa vuto limeneli: malo odutsira ndi ochepa, ndipo amene amadutsapo ndi mawaya owonda okhaokha, osatha kunyamula magetsi ambiri.

Chotsatira chake n'chakuti batani la pachiwongolero silipereka mphamvu ku chinthu chimene dalaivala akufuna kuti chigwire ntchito. Limangopempha. Mphamvu yeniyeni imachokera kwina, ndipo pa mabasi amakono pali kompyuta imene imayamba yaona ngati pempholo lili loyenera isanalichite. Munthu amene wamvetsa zimenezi savutika kupeza vuto batani likasiya kugwira ntchito, ndipo sayerekeza kudula waya amene sakumudziwa.

Mabasi amene ali ndi zambiri zoti tione ndi achikasu aja a ku United States ndi ku Canada. Mtundu wachikasuwo anagwirizana pa msonkhano umene Frank W. Cyr anaitanitsa mu 1939 ku Teachers College ya Columbia University, ndipo kuchokera pamenepo malamulo a mabasi amenewa akhala akuwonjezereka. Basi yaikulu ya sukulu kumeneko imakhala ndi magetsi asanu ndi atatu ochenjeza pamwamba pake, anayi achikasu ndi anayi ofiira, theka kutsogolo theka kumbuyo. Imakhala ndi chikwangwani cha STOP chimene chimatambasuka kumbali ya dalaivala, chomwe lamulo la boma la United States lotchedwa FMVSS 131 linalamula kuti chizikhala pa basi yatsopano iliyonse kuyambira mu 1992. Zambiri zimakhalanso ndi mkono wautali pabampala yakutsogolo wokakamiza ana kuwolokera patali, pamene dalaivala angawaone. Pamalo alionse okwezera ana, dalaivala amayatsa magetsi achikasu akuyandikira, amaima, amatsegula chitseko, magetsi ofiira amayamba kuphethira, chikwangwani chimatuluka, ana amakwera, iye amatseka n'kunyamuka. Amabwereza zimenezi kambirimbiri m'mawa ndi masana, ndipo nthawi imene akuchita zimenezi ndi imene mwana angakhale pafupi ndi tayala. Kuchotsa maso pagalasi kuti apeze switchi pambali n'kutaya masekondi amene ndi ofunika kwambiri pa ulendo wonse. N'chifukwa chake opanga ena, monga IC Bus imene imapangira mabasi ake ku Tulsa m'chigawo cha Oklahoma, anaika mabatani a chitseko ndi a magetsi ochenjeza pachiwongolero penipeni, pamene chala chachikulu chimafika dzanja lisanachoke.

Hutala ndiyo inayamba

Batani loyamba kukhala pachiwongolero linali la hutala, ndipo njira imene anathetsera vuto lake ikupezekabe pa mabasi akale. Hutala yamagetsi imadya ma amp angapo, ochuluka kwa kawaya kowonda. Choncho magetsi a hutala sadutsa pachiwongolero ayi. Amachoka ku batire, kudutsa pa fyuzi, kukafika pa relay. Relay ndi switchi imene imatsekedwa ndi maginito: m'kati mwake muli koyilo yaing'ono, ndipo koyiloyo ikalandira magetsi ochepa chabe imakoka kachitsulo kamene kamalumikiza waya wamkulu. Mukaitembenuza mudzaona manambala pamiyendo yake, 85 ndi 86 ya koyilo, 30 ndi 87 ya magetsi aakulu.

Mbali imodzi ya koyiloyo imakhala ndi magetsi nthawi zonse. Mbali inayo ndi imene imakwera kupita kuchiwongolero, ndipo ntchito ya batani ndi kungokhudzitsa waya ameneyu ku chitsulo cha basi, ku earth. Dera likatsekeka, relay imagwira, hutala imalira. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti pamafunika waya mmodzi yekha wokwera, chifukwa njira yobwerera ndi shafiti ya chiwongolero yomwe. Ndipo waya mmodziyo ankamudutsitsa mosavuta: kuseri kwa chiwongolero kunkakhala mkombero wa mkuwa wozungulira nacho limodzi, ndipo pachitsulo chokhazikika pankakhala kamsomali kokankhidwa ndi sipuling'i kamene kankakhudza mkomberowo nthawi zonse, ngakhale chiwongolero chizungulire bwanji.

Kuipa kwake kukuonekeranso pomwepo. Wayayo akapekesedwa penapake n'kukhudza chitsulo, relay singasiyanitse ndi batani, ndipo hutala imalira yokha mpaka wina atazula fyuzi. Mkombero nawonso umaperepeseka ndipo umada ndi girisi wakale. Kwa hutala zimenezi n'zopiririka, chifukwa kudukiza kwa kanthawi kochepa sikumveka. Koma mabatani atachuluka, mikombero sikanakwanira, ndipo airbag, thumba lofufuma mwadzidzidzi loteteza dalaivala pangozi, itabwera panafunika njira imene siduka ngakhale kamphindi.

Riboni yokulungidwa kuseri kwa chiwongolero

Chipangizo chimene chinalowa m'malo mwa mkombero chimatchedwa clockspring. Ndi kabokosi kozungulira ka pulasitiki kokhala ndi bowo pakati, ndipo shafiti imadutsa pabowopo. Theka la kabokosiko limamangidwa pachitsulo chokhazikika, theka linalo limazungulira ndi chiwongolero. M'kati muli riboni yaitali yopyapyala, ya timizere ta mkuwa tomatidwa pakati pa pulasitiki, yokulungidwa momasuka ngati tepi yoyezera ya kalipentala. Mbali imodzi ya riboni imalowa pa pulagi ya kuchiwongolero, inayo pa pulagi ya kudashibodi. Mukakhotera mbali imodzi riboni imakulungika mothina kuzungulira pakati, mukakhotera mbali inayo imamasuka n'kutsamira khoma lakunja. Palibe chimene chikukhuzana kuti magetsi adutse. Ndi waya weniweni wosaduka kuchokera uku mpaka uko, wongopatsidwa malo oti azipindika pang'onopang'ono.

Apa pali chinthu chimene amakaniko ambiri amachidziwa mochedwa. Riboniyo ili ndi malire. Amaipanga kuti izitha kuzungulira mopitirira pang'ono pamene chiwongolero chimathera, koma zimenezi zimatheka pokhapokha ngati pakati pa riboni pagwirizana ndi pakati pa chiwongolero, ndiye kuti matayala atalunjika kutsogolo riboni ikhale ndi mpata wofanana mbali zonse ziwiri. Chimene chimaletsa chiwongolero kuzungulira mopitirira si clockspring, ndi zitsulo za pansi pa basi. Munthu akamasula shafiti pa bokosi la chiwongolero kuti akonze china chake, chiwongolerocho chimatsala chomasuka, ndipo aliyense wodutsa akhoza kuchizunguza ndi chala chimodzi. Chikazungulira kamodzi kokha n'kumangidwanso, chimaoneka chowongoka bwinobwino, koma riboni yasunthira mbali imodzi. Basi imatuluka m'galaja ili bwino, ikuliza hutala. Tsiku limene dalaivala adzakhote mpaka kumapeto pokhotera pothina, riboni idzakokedwa n'kuthothoka pa pulagi yake. Palibe amene adzakumbukire kuti vutolo linayamba tsiku limene ankakonza chinthu china pansi pa basi. N'chifukwa chake makaniko wosamala amamanga chiwongolero ndi lamba asanamasule shafiti.

Clockspring yatsopano imabwera yokhomedwa pakati ndi kapulasitiki kamene mumachotsa mutamaliza kuiika, matayala atalunjika. Ngati ndi yakale ndipo mwakayikira, muizunguze ndi dzanja mofatsa mbali imodzi mpaka mutamva kuti yayamba kulimba, osakakamiza, kenako muizunguze mbali inayo mukuwerenga. Ngati yazungulira kasanu ndi kamodzi, bwererani katatu, ndipo mugwirizanitse timizere timene opanga anaika pakabokosi. Zambiri zimakhala ndi malangizo olembedwa pamwamba pomwe, ndipo amenewo ndi oyenera kutsatidwa kuposa mawu anga.

Ngakhale palibe amene walakwitsa, riboni imatopa. Mkuwa wopindidwa ndi kuwongoledwa kwa zaka zambiri umayamba ming'alu, ndipo basi ya sukulu imakhota kwambiri kuposa galimoto yaikulu yoyenda mtunda wautali, chifukwa ntchito yake ndi yolowa m'timisewu ta m'makomo. Mng'alu wotero umatseka chiwongolero chikakhala pena, umatseguka chikakhala pena.

Mabatani ambiri, waya mmodzi

Riboni ili ndi timizere towerengeka. Hutala ikufuna kake, magetsi owalitsa mabatani usiku akufuna kawo, earth ikufuna kake, ndipo ngati pali airbag imatenga tiwiri kapena tinayi. Totsalato n'tochepa kuposa mabatani. Njira imene opanga ambiri anasankha ndi yochenjera ndipo ndi yotsika mtengo: mabatani angapo amagawana waya mmodzi, koma lililonse lili ndi resistor yake.

Resistor ndi kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, ndipo kukula kwake amayeza mu ma ohm. Kompyuta imatumiza mavolti ochepa, kawirikawiri 5, kudzera pa resistor yake ya m'kati, n'kumayeza mavolti amene atsala pawaya wopita kuchiwongolero. Batani likadinidwa limalumikiza wayayo ku earth kudzera pa resistor yake, ndipo mavolti amatsika kufika pamlingo umene ndi wa batani lokhalo.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekezera, osati a basi inayake. Resistor ya m'kompyuta ikhale ya ma ohm 1,000. Batani loyamba likhale ndi ma ohm 330, lachiwiri 680, lachitatu 1,500. Mavolti amagawika molingana ndi kukula kwa ma resistor awiriwo. Podina loyamba, kompyuta iona 5 kuchulukitsa ndi 330, kugawa ndi 1,330, zomwe ndi mavolti 1.24. Lachiwiri lipereka pafupifupi 2.02, lachitatu 3.0. Kompyutayo siyembekezera nambala yeniyeniyo, chifukwa kutentha ndi kukalamba kwa zipangizo kumasuntha zinthu pang'ono. Imakhala ndi malire, kuti chilichonse chogwera pakati pa apa ndi apa ndi batani lakuti.

Chimene ndimachikonda pa njira imeneyi ndi resistor yomaliza, imene ilibe batani. Opanga amaika resistor yaikulu kumapeto kwa mzere, tinene ya ma ohm 10,000, yolumikizidwa nthawi zonse. Choncho popanda kudina chilichonse kompyuta imaona mavolti 4.55, osati 5. Kusiyana kochepaku n'kofunika kwambiri. Ikaona 4.55 imadziwa kuti waya ndi wamoyo mpaka kuchiwongolero ndipo palibe amene wadina. Ikaona 5 yathunthu imadziwa kuti waya waduka penapake. Ikaona 0 imadziwa kuti waya wakhudza chitsulo. Ndi waya mmodzi yekhayo, kompyuta ikutha kusiyanitsa mabatani atatu, kupuma, kuduka ndi shoti, ndipo ikhoza kusunga nambala ya vuto yoti makaniko adzaiwerenge. Hutala yakale ija sinkatha kusiyanitsa shoti ndi chala cha dalaivala.

Koma njirayi ili ndi pofooka pake, ndipo pofookapo ndi dzimbiri. Tinene kuti chinyontho chalowa pa pulagi, kapena mng'alu wa m'riboni wayamba, ndipo zawonjezera ma ohm 300 pamzere. Dalaivala akadina batani loyamba, kompyuta iona ma ohm 630 m'malo mwa 330, ndiye kuti mavolti 1.93. Nambala imeneyi yayandikana kwambiri ndi 2.02 ya batani lachiwiri. Munthu adina ichi, basi ichita icho. Amene sadziwa amafulumira kunena kuti kompyuta yasokonezeka n'kuyamba kufunsa za yatsopano, pamene kompyutayo ikuwerenga molondola zimene waya wodwala akuiuza. Magetsi oyenda m'mawaya amenewa ndi ochepa kwambiri, tizigawo ta amp imodzi, moti alibe mphamvu yoboola kakhungu ka dzimbiri kamene waya wa nyali zakutsogolo sangakamve n'komwe.

Mabatani awiri akadinidwa nthawi imodzi, pa mzere wolumikizidwa motsatizana limapambana ndi limene lili ndi ma ohm ochepa. Opanga amadziwa zimenezi, ndipo n'zomveka kuika batani lozimitsa pamalo amene lingapambane anzake. Kompyuta imadikiranso kanthawi kochepa kwambiri isanavomereze, chifukwa tizitsulo ta m'batani timadumphadumpha tisanakhazikike, ndipo basi payokha imagwedezeka.

Pa magalimoto atsopano ena amapita patsogolo. M'chiwongolero momwemo amaikamo kakompyuta kakang'ono kamene kamawerenga mabatani onse n'kutumiza uthenga wa manambala pa waya mmodzi wotchedwa LIN, njira imene inayamba mu 1999 ndipo liwiro lake silipitirira ma bit 20,000 pa sekondi (bit ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri ka uthenga wa kompyuta). Pamenepo mawaya atatu okha, wa magetsi, wa earth ndi wa uthenga, amakwanira mabatani ochuluka bwanji. Mita wamba siikuuzani zambiri pa waya wotere. Imangoonetsa mavolti apakatikati amene sasintha kwenikweni kaya mwadina kaya simunadine.

Kompyuta ndiyo imagamula

Uthenga ukatsika m'riboni, umadutsa m'mawaya otsatira chitsulo cha chiwongolero, amene nawonso amapindika nthawi iliyonse dalaivala akakweza kapena kutsitsa chiwongolero kuti chimuyenere. Kenako umafika pa kompyuta yoyang'anira magetsi a basi. International, kampani imene IC Bus ili pansi pake, imatcha dongosolo lake Diamond Logic. Thomas Built Buses ya ku High Point m'chigawo cha North Carolina inatulutsa basi ya Saf-T-Liner C2 mu 2004 ili kale ndi magetsi oyendetsedwa ndi makompyuta olankhulana. Mayina amasiyana koma mfundo ndi imodzi: m'malo moti switchi iliyonse ikhale ndi waya wake wonenepa wopita ku nyali yake, ma switchi onse amauza kompyuta, makompyuta amauzana pa mawaya awiri opotedwa, ndipo kompyuta imene ili pafupi ndi nyaliyo ndiyo imaipatsa magetsi.

Mawaya awiriwo ndi a CAN, njira imene kampani ya Bosch inaionetsa koyamba mu 1986. Magalimoto akuluakulu amagwiritsa ntchito njirayi motsatira malamulo otchedwa SAE J1939, pa liwiro la ma bit 250,000 pa sekondi, kapena 500,000 pa atsopano. Kawirikawiri waya mmodzi amakhala wachikasu, winayo wobiriwira. Kumapeto konse kuwiri kwa mzere kuli resistor ya ma ohm 120, choncho mukachotsa batire n'kuyeza pakati pa mawaya awiriwo muyenera kupeza ma ohm 60. Mukapeza 120, resistor imodzi yasowa kapena waya waduka. Pa mabasi amenewa malo osavuta kuyezera ndi soketi yozungulira ya mapini 9 imene imakhala pansi pa dashibodi.

Batani losungira liwiro limaonetsa bwino ulendo wonsewu. Dalaivala adina, mavolti asintha, kompyuta ya magetsi izindikira batani, ilemba uthenga pa J1939, kompyuta ya injini iwerenga. Koma ya injiniyo siimvera nthawi yomweyo. Imayamba yaona ngati liwiro lakwana, ngati phazi silili pa buleki, ngati palibe vuto lina. Ndipo pa magalimoto akuluakulu ambiri batani lomwelo limachita ntchito ina basi ikaima ndi handibuleki: limakweza kulira kwa injini kuti itenthe msanga kapena kuti ichaje batire. Batani ndi limodzi, resistor ndi yomweyo, koma tanthauzo lake limadalira zimene kompyuta ikuona kwina. Izi zikutanthauzanso kuti batani likhoza kuoneka lakufa pamene chawonongeka ndi switchi ya buleki imene ikunena kuti phazi lilipo pomwe palibe.

Pa magetsi ochenjeza ndi chitseko ndi pamene dongosololi limaonetsa phindu lake lenileni. Dalaivala akadina batani la magetsi achikasu, kompyuta imayamba kuwaphethiritsa mosinthana, kumanzere kenako kumanja, pa liwiro la pakati pa 60 ndi 120 pa mphindi. Akaima n'kudina la chitseko, kompyuta imapatsa magetsi vavu imene imalowetsa mpweya wopanikizidwa mu silinda yokankha chitseko, kapena mota yamagetsi ngati chitsekocho ndi chamagetsi. Nthawi yomweyo imazimitsa achikasu, imayatsa ofiira, imatulutsa chikwangwani cha STOP ndi mkono wakutsogolo. Mabasi ambiri ali ndi sitepe yapakati, pamene ofiira amayaka ndi chikwangwani kutuluka chitseko chisanatseguke, kuti dalaivala aone kaye ngati magalimoto aimadi asanalole mwana kutsika. Chitseko chikatsekedwa zonse zimabwerera. Dalaivala sayenera kukumbukira ma switchi anayi motsatizana ana akuchita phokoso kumbuyo kwake, ndipo dongosolo silisokonekera chifukwa choti watopa. Tsatanetsatane wake amasiyana, pakuti chigawo chilichonse cha United States ndi cha Canada chili ndi malamulo ake, ndipo opanga amakonza pulogalamu ya kompyuta motsatira kumene basiyo ikupita. Mabasi awiri a mtundu umodzi akhoza kukhala ndi mawaya ofanana koma n'kumachita zosiyana.

Ngakhale hutala siilinso ya dalaivala yekha. Mabasi ambiri a sukulu ali ndi chipangizo chokakamiza dalaivala kuyenda mpaka kumbuyo pomaliza ulendo, kuona ngati palibe mwana amene wagona pampando, n'kudina batani kapena kugwira chogwirira cha khomo lakumbuyo. Akapanda kutero n'kutuluka, chipangizocho chimaliza hutala. Choncho hutala ikamalira yokha pa basi ya sukulu, si nthawi zonse pamene vuto lili kuchiwongolero.

Kumvetsera zimene vuto likunena

Musanamasule nati iliyonse, funsani dalaivala mafunso awiri: n'chiyani chimene chafa, ndipo chimafa liti? Ngati hutala, mabatani ndi magetsi owalitsa mabatani zafera limodzi, yang'anani chimene zonsezi zimagawana, ndiye kuti pulagi ya clockspring, riboni kapena earth. Ngati gulu limodzi la mabatani lafa koma hutala ikulira, waduka ndi mzere wa gululo. Ngati batani limodzi lokha ndi limene silikumveka anzake a pamzere womwewo ali bwino, waya alibe mlandu, vuto lili m'batanimo. Ngati zimagwira basi ikuyenda mowongoka koma zimasiya pokhota, kapena mosemphanitsa, ndi riboni. Kuyesa kwake n'kosavuta: wina agwire batani la hutala, chiwongolero chizungulire pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena, mumvetsere pamene kulira kukudukiza. Yesaninso kukweza ndi kutsitsa chiwongolero, chifukwa mawaya a pamenepo amaduka m'kati khungu lake likuoneka labwino.

Kompyuta yoyezera imafupikitsa ntchito kwambiri, pakuti imaonetsa ngati kompyuta ya basi yaona batani likudinidwa. Ngati yaona koma palibe chachitika, siyani chiwongolero, kayang'aneni chimene chikuletsa kapena mbali ya mphamvu, monga fyuzi, relay, vavu kapena mpweya wochepa m'thanki. Ngati sinaone, zulani pulagi ya pansi pa clockspring, yezani ma ohm pamzere wa mabatani mukudina limodzi ndi limodzi, mufananize ndi buku la opanga. Kenako yezaninso pamwamba pa clockspring. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi kumene riboni yawonjezera, ndipo kuyenera kukhala kochepa kwambiri.

Nyali yoyezera ya babu, imene amakaniko akale amaikonda, ilibe malo pa mawaya amenewa. Babu limakoka magetsi ochuluka kuposa amene mzere wa mavolti 5 unapangidwira, ndipo likalumikizidwa ku batire likhoza kulowetsa mavolti 12 pamene sayenera kufika. Kuboola khungu la waya ndi singano nakonso kumasiya kabowo kolowera chinyontho, ndipo taona kale zimene ma ohm ochepa owonjezera amachita.

Za airbag ndinene mosapita m'mbali. Kwa zaka zambiri mabasi akuluakulu a sukulu sankakhala ndi airbag ya dalaivala, koma ang'onoang'ono omangidwa pa chasisi ya Ford E-Series kapena Chevrolet Express amakhala nayo, ndipo yayamba kufikanso pa akuluakulu ena atsopano. Mawaya ake amadutsa mu clockspring yomweyo, ndipo mapulagi ake kawirikawiri ndi achikasu. Chimene chimaiphulitsa ndi kawaya ka ma ohm pafupifupi awiri kamene kamangofuna magetsi ochepa kuti katenthe. Mita yoyeza ma ohm imatulutsa magetsi ake poyeza, choncho musaiike pa airbag. Chotsani batire, dikirani nthawi imene buku lanena kuti mphamvu yosungidwa m'kompyuta ya airbag ithe, ndipo mukaichotsa muigoneke mbali yofutukukayo itayang'ana kumwamba. Riboni yoduka siimangidwa ndi chitsulo chosungunula (solder) kapena tepi. Imasinthidwa yonse.

Pali gulu lina limene limakumana ndi mawaya amenewa: anthu ogula mabasi opuma ntchito n'kuwasandutsa nyumba zoyenda. Malamulo a madera ambiri amafuna kuti achotse chikwangwani cha STOP ndi magetsi ochenjeza, ndipo akatsegula bokosi la magetsi amapeza mawaya ambiri amene amaoneka opanda ntchito. Chiyeso chodula onse pakamodzi chimakhala chachikulu. Koma ena mwa mawayawo amauza kompyuta kuti khomo langozi silinakhomedwe ndi loko, ndipo popanda uthenga umenewo injini siiliza, chifukwa basi yonyamula ana siyenera kuyenda khomo lothawira lili lokhoma. Ena akadulidwa amaliza belu losaleka. Njira yabwino ndi kuzula pulagi imodzi, kuliza injini, kuyesa hutala, mabuleki ndi magetsi onse, kenako kupita pa yotsatira, ndipo kudula kubwere pomaliza. Ofuna kugwiritsa ntchito mabatani akale a chitseko pa wailesi kapena nyali zina akumbukire kuti kumbuyo kwa batani kulibe mavolti 12 oti angawatenge. Kuli ma resistor ndi riboni yopyapyala imene ingapse ndi nyali imodzi yokha. Pamafunika kabokosi kowerenga ma ohm amenewo n'kuyendetsa relay.

Pa basi imene ikunyamulabe ana, kulumikiza mwachidule kuti chitseko chitseguke kompyuta isanafunsidwe n'koopsa kuposa kusiya basiyo m'galaja tsiku limenelo. Chitseko chidzatseguka ndithu, koma magetsi ofiira ndi chikwangwani mwina sizidzadziwa, ndipo mwana adzatsika pamsewu umene magalimoto ake sanauzidwe kuti aime. Ntchito iliyonse ya pachiwongolero ikatha, ngakhale yaing'ono, wina aime panja, dalaivala ayendetse dongosolo lonse kuyambira achikasu mpaka kutseka chitseko, matayala atalunjika, kenako abwereze chiwongolero chitakhotera kumapeto kwa kumanja, abwerezenso chitakhotera kumapeto kwa kumanzere.